Chitenge cha ukwati umene sunachitike

Anzanga omvera, ndikatsegula sutikesi yanga ndimakumbukira azimayi a mpingo wathu ku Chawama. Anali atasoketsa chitenge chofanana, chobiriwira, choti avale pa kicheni pati yanga, phwando la azimayi lolangiza mkwatibwi. Kutatsala masiku atatu, mwamuna amene anafuna kundikwatira anatuma amalume ake kudzanena kuti wasintha maganizo. Ndinadzitsekera m'nyumba ndi manyazi.

Loweruka lake ndinangomva ng'oma ndi nyimbo zakutchalitchi pakhomo. Anabwera onse, atavala chitenge chija! Amayi ena achikulire anandigwira dzanja, nati, "Mwana wanga, wakukana ni munthu chabe, Yesu sanakukane. Nyamuka, tivine."

Ndinavina uku ndikulira. Ambiri mwa iwo anatisiya kale, koma chitenge changa ndikali nacho. Mukamva kuti mnzanu wagwiritsidwa mwala, musadikire kuitanidwa. Ingopitani.