Mdzukulu Wobadwa Mawa

Bambo ena okonza mawotchi analonjezedwa ndi mwana wawo wamkazi, yemwe anakwatiwa kutali kutsidya la nyanja, kuti khanda likabadwa pa tsiku lawo lobadwa litenga dzina lawo, likaphonya litenga la asewere awo, bambo a mkamwini wawo. Tsikulo linali lero Lolemba, ndipo uthenga wa kuchipatala utalowa pafoni madzulo, anaitanitsa kushopu mwana wawo wamwamuna, wolemba mapulogalamu a kompyuta, munthu woti ukamufunsa ngati ali ndi wotchi amangoti "eya" n'kupitiriza ulendo.

"Tawerenga apa," anatero bambowo, akumukankhira foni pakati pa timasikuluwu ta mawotchi.

"Mwana wamwamuna. Wabadwa Lachiwiri, wani koloko m'bandakucha."

"Lero ndi lachingati?"

"Lolemba."

"Ndiye mwanayu sanabadwe."

"Wabadwa, bambo. Chithunzi chake si ichi?"

Bambowo anavala kagalasi kawo ka diso limodzi n'kuyang'anitsitsa. "Ameneyu ndi mwana wa mawa. Mwamujambula bwanji?"

"Kumene kuli achemwali kuli kale mawa. Ali patsogolo ndi maola naini."

"Patsogolo pa ndani? Mlongo wako ndinamubereka ine. Wandipitirira liti?"

"Sindikunena zaka, ndikunena dzuwa."

"Iwe, mawotchi ali pakhoma apawa ndi angati amene akuti mawa?"

Mnyamatayo anatembenuka n'kuwayang'ana limodzi limodzi. "Palibe. Koma awiri aima."

"Amenewo eni ake anamwalira, asiye. Tsono ngati mlongo wako ali mawa, muimbire umufunse ngati kugwe mvula. Ndili ndi malata oti ndikhome."

"Angakuuzeni za mvula ya kwawoko."

"Nanga ine mawa ndili moyo? Umufunse zimenezo."

"Sangadziwe. Kwa iwo muli moyo mpaka dzulo."

Bambowo anavula kagalasi kaja pang'onopang'ono. "Mpaka dzulo."

"Kutanthauza lero."

"Ndinakulipirira sukulu kuti uzindiyika m'manda masana?"

"Ndifotokoze, bambo. Chipatala chimasunga zonse mu detabesi, nkhokwe ya m'kompyuta. M'menemo nthawi imalembedwa imodzi yokha, yosakhala ya kuno, yosakhala ya uko. Munthu akafunsa, pulogalamu imayang'ana kumene ali, n'kumusinthira kuti igwirizane ndi wotchi yake."

"Ndiye imauza aliyense zimene akufuna kumva."

"Zimene wotchi yake ikunena."

"Anthu otero kwathu timawatchula akazitape. Chabwino, nanga ine bwanji yandiuza za eni?"

"Akaunti yanu anakutsegulirani ndi achemwali ali uko. Pulogalamuyi ikudziwa kuti inu muli komweko."

"Ndili kuti?"

"Kuchipatala."

"Ku chipinda cha amayi oyembekezera? Ine?"

"Sinatchule chipinda."

Bambowo anamenya tebulo, timasikuluwu n'kudumpha. "Tamvera. Asewere anga aja dzina lawo ndi loti ngakhale galu sangavomere. Mdzukulu wanga woyamba sayenda nalo moyo wake wonse chifukwa cha kafoni. Munthu amabadwa kamodzi, pa tsiku limodzi. Tsiku lobadwa si mpando woti uziusuntha posesa. Mwanayu wabadwa lero, mubweze."

"Sindingamubweze. Ndingangosintha kumene pulogalamu ikuganiza kuti muli."

"Nditulutse m'chipatalamo, ndiye."

Mnyamatayo anadina apa ndi apo, n'kuwabwezera foni. "Mwatuluka."

Bambowo anawerenga mokweza. "Lolemba, folo koloko madzulo." Anayang'ana pakhoma, n'kuyang'ananso pafoni. Kunena zoona, ine amene ndimagulitsa nsapato khomo loyandikana nalo sindinawaonepo akusangalala chonchi. "Wamuona? Wabwera yekha kwa agogo ake. Magazi sanama."

"Sanasunthe, bambo. Mwasuntha ndinu."

"Jambula, utumize kwa asewere. Ulembe kuti pepani."

"Iwo akatsegula aona Lachiwiri. Amakhala komweko."

"Aona bodza."

"Aona zoona."

"Nanga izi?"

"Zoonanso."

"Zoona ziwiri, mwana mmodzi? Ndiye ndi mapasa. Wa Lolemba ndi wanga, wa Lachiwiri atenge iwo."

"Pachithunzi pali mmodzi."

"Winayo abadwa mawa, si wanena wekha?" Bambowo anakhala pansi, atatambasula miyendo ngati munthu amene wawina mlandu. "Ana inu mumaona ngati kubadwira kunja mwayamba ndinu. Inenso ndinabadwira kutali, kudoko kumene bambo anga ankagwira ntchito ya sitima. Mayi ankati wotchi ya padoko itangomenya thwelofu usiku, ine kulira. Palibe anati ndabadwa mawa."

Mnyamatayo anayamba kuwerengera chamumtima, milomo ikuyenda. Aliyense womudziwa akanathawa pamenepo.

"Doko lija la kum'mawa?"

"Lomwelo."

"Kumene kuja ali patsogolo pathu ndi maola atatu."

"Ndiye?"

"Ndiye pamene munkalira, kuno inali naini koloko usiku, tsiku lisanathe. Tikawerengera mwanayu pa wotchi ya kuno, inunso tikuwerengereni pa wotchi ya kuno. Tsiku lanu lobadwa linali dzulo."

"Dzulo ndinali pano. Palibe anandiuza kanthu."

"Sitinkadziwa."

"Ndiwerengere pa wotchi ya mlongo wako, ndiye."

"Pamenepo mwabadwa lero."

"Eya!"

"Koma mwanayo mawa."

Bambowo anayang'ananso chithunzi chija. "Ukutanthauza kuti ndikamuthamangira, iye akuthawa?"

"Simukuthamanga. Mwasiyana tsiku limodzi basi, kaya muime kuno, kaya kwa achemwali."

"Zaka zonsezi mayi ako akundiphikira nkhuku pa tsiku la munthu wina?"

"Nkhukuyo munkadya ndinu."

"Ndani wina akudziwa zimenezi?"

"Inu ndi ine. Ndi asewere anu, akandifunsa."

"Akakufunsa udzanena?"

"Akandifunsa, eya."

Bambowo anamuyang'ana mwana amene anamulera iwo eni. Kenaka anadzuka, natseka chitseko cha shopu, nabwerera pa tebulo akuyenda monyang'ama. Anamuika foni m'manja, n'kumupinda zala kuti aigwire bwino.

"Paja munati tsiku lobadwa si mpando," anatero mnyamatayo.

"Ndinati posesa. Pano sitikusesa," ananong'ona bambowo. "Wamuchotsa mawa wamufikitsa lero, ndipo sanalire n'komwe. Tamukankhanso pang'ono, mwanawe, abadwe dzulo."