Zaka Zisanu Ndikuvomera Dzina la Malemu

Abale ndi alongo mwa Ambuye, dzina langa ndine Lameki. Musadabwe kuti ndayambira pamenepo. Kwa zaka zisanu dzina limeneli ndinalibe.

Mayeso a Fomu 4 ndinalephera chifukwa cha kachasu ndi matama. Achimwene anga, a Yohane, ndiwo anakhoza, koma anamira panyanja asanadyerere satifiketi yawo. Maliro atangotha ndinaisolola m'sutikesi ya amayi, n'kukapezera ntchito yoperekera zakudya pa loji ina ku Senga Bay.

Kumeneko aliyense ankandiitana kuti Yohane, ine n'kumavomera. Pachifuwa ndinkavala baji ya dzina la munthu amene ali kumanda. Mtendere ndinalibe, ndiye ndinkangomwa.

Tsiku lina amayi anabwera kuchokera ku Lifuwu kudzagulitsa mpunga kukhitchini ya lojiyo. Bwana anaitana, "Yohane, tabwera uwalandire mayiwa!" Amayi anagwetsa thumba n'kutembenuka msanga, nkhope itawala. Kenako anaona kuti ndine.

Sanakalipe. Anangoti, "Mwanawe, wandiliritsa maliro kawiri."

Ha, bola akanandimenya! Ndinakaulula kwa bwana, ntchito inathera pomwepo. Kumudzi amayi anasiya kunditchula dzina, ankangoti "iwe". Ndinkalakalaka nyanja itanditenga inenso.

Ndinathawira ku chilumba cha Mbenji kukakoka nawo khoka la chilimira. Pachilumba paja mowa saloleza, choncho chisoni chinandipeza ndilibe pobisala. Msodzi wina, mkulu wa mpingo, anandiona ndikulira pamiyala. Atamva nkhani yanga anati, "Yesu amaitana nkhosa zake ndi maina. Nanga iwe akakuitana, uvomera liti?" Ndinagwada pomwepo.

Nditabwerera kumtunda ndinalembetsa sukulu ya sekondale yophunzira masana, n'kumakhala benchi limodzi ndi ana onditcha agogo. Chaka choyamba masamu anandigwetsa. Ndinalira ngati khanda, koma ndinabwereza.

Ulendo wachiwiri ndinakhoza. Satifiketi itatuluka ndinapita nayo kwa amayi. Iwo sadziwa kuwerenga. Anati, "Undilozere pamene pali dzina." Ndinawagwira chala n'kuchiika pamenepo.

Anasisita malembowo ndi chalacho. Kenako anati, "Lameki."

Ntchito sindinaipezebe, abale, ndikungogulitsa usipa. Koma Mulungu alemekezeke, wandibwezera dzina langa! Ngati muli muno inu amene mukuvomera dzina losakhala lanu, bwerani kutsogolo kuno. Yesu akudziwa lanu lenileni, ndipo ndi limene akuitana.