Laksa Ayang'ane Kumanzere

Pulofesa Quek a ku Singapore anathera zaka zawo, ndi tsitsi lomwe, pofufuza njira yolamulira ubongo wa pusi ndi kuwala. Tsiku lina m'mawa kunabwera Mayi Pereira a ku bungwe lothandiza ofufuza, kudzaona ngati ntchitoyo ipitirire kapena chitseko chitsekedwe.

"Uyu ndi Laksa," anatero a Quek, akuloza pusi amene anali khale pampando, kachingwe kali pamutu. "Ndikayatsa, kuwala kumadutsa m'kachingweka n'kulowa mu ubongo."

"Kalanga ine! M'mutu mwake muli mdima?"

"Ayi, mayi. Tinakonza timaselo ta mu ubongo kuti tizimva kuwala."

"Tizimva? Kuwalako kumalira?"

"Sikulira ayi! Kumangotidzutsa."

"Oho. Ndiye pusiyu amagona pantchito."

A Quek anapukuta dazi. "Taonani nokha. Ndikadina apa, ayang'ana kumanzere."

Anadina. Laksa anayang'ana kudenga n'kuyasamula.

"Kumanzere kwa ndani?" anafunsa mayiwo.

"Dikirani kaye. Akatero ndiye kuti ali ndi ludzu."

Anathamangira kufiriji, n'kubwera ndi madzi a mango. Anadinanso. Laksa anadzikanda pamimba.

"Kumenekonso ndi kumanzere?"

"Kumeneko ndi kutentha! Iii, ndaiwala." Anakwera pampando wina kukatembenuza fani, mawondo akulira. Asanatsike n'komwe, Laksa anamenya tebulo, ndipo dzanja la a Quek linalowa lokha m'thumba n'kutuluka ndi mtedza.

"Wakuuzani kuti mtedza?"

"Sanena, mayi, ndimangodziwa. Sukulu yonse ndinapita ija, ndine katswiri wosenda mtedza. Akazi anga akandiitana ndimati ndikubwera. Uyu akangotsokomola, ndafika kale."

"Ndiye wosagwira ntchito ndi kuwalako?"

"Kumagwira! Ndikufa nako ine!"

Anadina mwamphamvu. Laksa anatafuna, anameza, kenaka mwaulesi anatembenuza maso kumanzere.

"Eyaa! Mwaona? Mwaona, mayi?"

"Ndaona," anatero Mayi Pereira, nkhope ili phee. "Ntchitoyi ipitirire ndithu. Chibadwire sindinaone ubongo ukulamulidwa bwino chonchi, komanso popanda chingwe."

A Quek, amene anatsala pang'ono kugwada, anaima chilili. "Popanda chingwe bwanji? Chingwe si icho?"

Koma mayiwo anali atawadutsa kale. Anawerama mwaulemu pamaso pa Laksa.

"Pepani, bwana. Munthuyu mwamuphunzitsa zaka zingati?"