Mawu a Esnati Afafanizidwa mu Kompyuta ya Delia

Ine, Paskale Chulu, wa zaka 78 malinga ndi chitupa, mlimi wa thonje wa ku Msoro, ndikudandaula kuno ku polisi za Delia Sakala wa shopu ya makompyuta ku Mfuwe. Wafafaniza umboni wanga.

Ndili pa mlandu wa malire a dimba ndi Ruben, wolima moyandikana nane. Wodziwa malirewo ndi mlongo wanga Esnati yekha. Pa 3 Juni Delia anabwera kumudzi, najambula mawu a Esnati maola awiri. Anawasunga m'kompyuta, m'thumba lolembedwa Paskale. Zojambula zolakwika, momwe munkalira tambala, anaziika m'thumba lina lolembedwa Paskale zotaya.

Anati akopere mawuwo pa fulashi, kachipangizo kosungira zinthu za m'kompyuta. Ndinakana. Mawu a munthu wamkulu sakhala pawiri ngati mabodza.

Pa 10 Juni ine ndi Esnati tinayambana chifukwa cha mbuzi yake imene inadya nyemba zanga. Sitilankhulana.

Lolemba pa 17 Juni, 10 koloko m'mawa, ndinafika pa shopu. Ndinakhala pa benchi, mapazi atatu kuchokera pa kompyuta. Ndinalamula kuti za tambala zichotsedwe ndikuona. Delia analemba lamulo, nadina batani. Kenako anagwira pakamwa.

Anati, "Ambuya, ndaiwala timizere."

Anafotokoza kuti dzina la mawu awiri limafuna timizere uku ndi uku, tolimanga pamodzi. Popanda timizereto makina anaona mayina awiri. Anafafaniza thumba lonse la Paskale. Zotaya anafunafuna, sanazipeze.

Ndinafunsa chimene chatsala. Anatsegula. Tambala analira.

Anapanga thumba lina loyesera, naika timizere, ndipo lamulo linagwira bwino. Anati, "Mwaona? Vuto lapezeka." Ndinamuuza kuti sindinakwere basi kudzaona vuto. Ine sukulu sindinapiteko, koma sindinawotchepo nkhokwe pofuna kupha khoswe.

Anati, "Ambuya, fulashi munakana ndinu." Zimenezo musalembe, bwana. Mwalemba kale? Zisiyeni.

Mlandu uli Lachisanu. Sindikufuna kuti Delia amangidwe. Apite ku Msoro ndi makina ake, akagwade kwa Esnati, amujambulenso. Za mbuzi akapepese iyeyo, chifukwa ine sindipepesa. Fulashi abwere nayo.

Zomwe ndikudziwa ndi zimenezi. Andiwerengera ndipo ndavomera.

Chidindo cha chala: Paskale Chulu