Wakuba wa pa Kanema Afuna Ulonda

Atatopa ndi kuba mbuzi, njinga ndi mawailesi m'masewero a pa kanema, wazisudzo wina anabwereka jekete n'kukapempha ntchito yaulonda pa sitolo ya maloko ndi utoto. Mwana wake wamkazi ankabwera kusukulu akulira chifukwa anzake ankabisa mabuku akamuona, ndipo bamboyo ankangolakalaka munthu mmodzi yekha woti amuyang'ane n'kumuona ngati munthu wabwino.

Mwini sitolo, mayi wa magalasi akuluakulu, anamuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kuphazi.

"Aa! Si inu munaba njinga ya abusa?"

"Linali sewero lija, Mayi."

"Munalowera pawindo. Ndinaona ndi maso angawa."

"Eya, inu ndi dziko lonse. Akuba enieni amatero kumene, amayamba aitana anthu a makamera."

"Zoona? Amaitana?" Mayiyo anakokera mpando pafupi.

Wazisudzo anapumira m'mwamba. Nyimbo yake inali yomweyo ya m'basi, ya kumsika ndi ya kwa apongozi.

Mayiyo anatenga loko wamkulu pashelefu n'kumuika patebulo. "Tatsegulani uyu ndi kawaya kanu kaja, tione."

"Ohoo! Kuti ndikatsegula muitane apolisi?"

"Ayi, tangotsegulani."

"Sindingathe! Loko uja anali wotsegula kale. Kawayako kanali kongokometsera."

"Koma mpanda munadumpha."

"Mpanda wa makatoni, wolekeza m'mawondo. Ngakhale agogo anu akanadumpha, ndodo ili m'manja."

"Agogo anamwalira."

"Pepani. Ndiye mwina akanavutikako pang'ono."

"Nanga chigalu choopsa chija munachigoneka ndi mankhwala anji?"

"Ukalamba, Mayi. Galu uja alibe dzino ndi limodzi lomwe. Ine agalu ndimawaopa koopsa. Kakang'ono kakangouwa, ndimawoloka msewu."

Nkhope ya mayiyo inayamba kugwa. Wazisudzo anati basi, zikulowa tsopano, ndiye anasonkhezera moto.

"Koma kundende munakhalako," anatero mayiyo ndi mawu ofooka. "Zaka zingati?"

"Mpaka nthawi ya nkhomaliro. Zitsulo za ndendeyo anali mapaipi opaka utoto wakuda, mwina wogula kwa inu nomwe."

"Wakuda unatithera kalekale."

"Mayi!" Wazisudzo anaimirira, dzanja pachifuwa. "Chibadwire sindinabepo ngakhale singano. Akuba sindiwadziwa, njira zawo sindizidziwa. Wakuba atalowa muno ndingamupatse moni n'kumufunsa za kunyumba."

"Mukulumbira?"

"Pali Mulungu!"

Mayiyo anabweza loko pashelefu pang'onopang'ono.

"Ndiye mwanditayitsa nthawi, bambo."

"Mwati bwanji?"

"Akuba andilowera mpaka ndatopa nawo. Alonda abwinobwino ndalembapo ambiri, akuba amangowadutsa pamphuno. Nditakuonani pakhomopo ndinati hee, pemphero layankhidwa, wabwera katswiri wodziwa polowera anzake. Yunifomu ndinali nditakuyezani kale ndi maso."

M'maganizo, wazisudzo anaona mwana wake akuuza anzake monyada kuti bambo anga ndi mlonda, kenako anaona yunifomuyo itavalidwa ndi munthu wina. Anakhalanso pansi, n'kutsinzina diso limodzi monga amachitira pa kanema, mawu n'kuwatsitsa.

"Mayi, tiyeni tiuzane zoona. Njinga ya abusa ija sindinabweze."

"Mwalumbira pompano."

"Akuba amalumbira, Mayi! Ndiyo ntchito yathu imeneyo!"

"Tsegulani loko."

"Kawaya ndakaiwala kunyumba."

Mayiyo anavula magalasi, anamuyang'anitsitsa kwa kanthawi, n'kupukusa mutu mwachisoni.

"Musadzivute, bambo. Nkhope yanuyi ndi ya munthu wachilungamo."