Ignasio Mumtengo wa Masawu

Afisi atamuthera mbuzi ku Bangula, Ignasio anabweretsa mwana wa galu wa mtundu waukulu uja wolondera ziweto, nalamula kuti akulire m'khola, aziyamwa mbuzi, asazolowere munthu. Tsiku la chinkhoswe cha mwana wake Thandizo, mkuluyu anapita ndi chingwe kukagwira tonde wa ndiwo za alendo, koma mkazi wake Otilia anakamupeza ali mumtengo wa masawu, chigalu chija chitakhala patsinde phee.

"Bambo a Thandizo, masawu sanapse," anatero Otilia.

"Ndikuthyola masawu ine? Muitaneni galuyu!"

"Ndimuitana kuti ndani? Munati asapatsidwe dzina."

"Muimbireni mluzu!"

"Munaletsa. Munati akazolowera mluzu azilondola anthu kumsika."

Ignasio anatsitsa mwendo umodzi. Galu anangoonetsa mano, mwendo uja unabwerera wokha.

"Amandidziwa uyu, akungosewera," anatero akupukuta thukuta.

"Tsikani musewere naye."

"Ndikupuma kaye!"

Kupuma kwake kunali kwa paminga. Kumsewu kunamveka mabelu a njinga za kabaza. Akuchimuna anali atafika, nyama ikadali ndi moyo, ikudya masamba.

"Thamangani mukatenge mkute, mumuponyere kutali!"

"Munati azidyera m'khola basi."

"Lamulo limenelo ndalichotsa!"

"Muuzeni nokha, ali pompa."

"Ndiye tondeyo kagwireni ndinu, paja inu amakulolani."

"Amandilola kulowa ndi mbale. Kutuluka ndi mbuzi sindinayesepo, ndipo sindiyamba lero nditavala chitenje chatsopano."

"Mayi inu, alendo adya chiyani? Ndinawalonjeza nyama! Mukufuna mwana wathu azinyozedwa kuti kwawo amakondwerera ukwati ndi therere?"

"Therere lilipodi. Ndiliike pamoto?"

"Ayi! Kawauzeni kuti ndachokapo."

Otilia anacheuka, nagwada pang'ono moyang'ana kubwalo.

"Akuonani kale. Akufunsa kuti muli tani kumwambako."

Manyazi anamugwira Ignasio mpaka anaiwala minga. Analoza galu uja ndi chingwe.

"Chigalu chopanda nzeru! Ndinachinyamula ndekha pamiyendo m'minibasi! Sichisiyanitsa fisi ndi mwini khola?"

Otilia anayang'ana galu, nayang'ana mwamuna wake.

"Chimasiyanitsa bwino. Fisi chinamuthamangitsa kamodzi, anamva, sanabwerenso. Inu mtengowu mwaukwera kachitatu."