Mbande za m'kabati mwa agogo a ku Nepal

Moni aulutsi ndi omvera nonse. Ndine mayi, ndikukhala ku Nuneaton, kuno kwa Azungu. Ndinabwera kudzalera adzukulu, mwana wanga akamapita ku shifiti kuchipatala.

Kutchalitchi anatipempha kuti tiziyendera okalamba okhala okha. Ine anandipatsa agogo ena a ku Nepal, amasiye, ana awo ali kutali. Chizungu sadziwa, inenso changa n'chothyokathyoka, ndiye tinkangomwa tiyi n'kumayang'ana mvula pawindo, aliyense akulota kwawo.

Tsiku lina ndikufuna shuga, ndinapeza mbande m'kabati, zachikasu, zoonda. Ine mlimi, chifundo chinandigwira, ndinaziika pawindo kuti zione dzuwa. Agogo anakuwa, n'kuzibwezera mumdima msangamsanga! Nditamuimbira foni mwana wawo kumufotokozera, iye anaseka: "Amayi, zimenezo timameretsa mumdima dala. Pachikondwerero chathu akuluakulu amazitsomeka m'tsitsi mwa ana powadalitsa. Chaka chino sitibwera, koma iwo afesabe."

Mtima unandiwawa. Ndinayamba ndapemphera, poti si mwambo wa mpingo wanga, koma dalitso la munthu wamkulu ungalikane bwanji? Tsiku la chikondwererolo ndinapita ndi adzukulu anga awiri, tinagwada ngati kwathu. Agogo aja anatitsomeka mbande zija, akuimba motsitsa, maso ali kutali ngati akuona mapiri akwawo. Kamdzukulu kanandinong'oneza m'Chizungu kuti agogowa akuti chiyani. Ndinati, "Sindikumva, mwanawe, koma iwe vomera kuti ameni."

Anzanga, okalamba ena chakudya ali nacho. Chimene akusowa ndi mutu woti aikepo dzanja.